ZA UMOYO: Malamulo Osungira Nyama Zofufuzirapo Matenda Asathere Papepala

Mwana aliyense amene alandira katemera ku kiliniki, ndiponso thole lililonse limene lilasidwa nyeleti yoteteza ku cigodola, ali ndi nkhongole kwa nyama zimene sanazionepo. Mankhwala asanafike m'thupi la munthu kapena la ciweto, akatswiri amayamba awayesa pa mbewa zoyera, makoswe, mbira, akalulu, ndipo nthawi zina pa apusi ndi anyani. Nyama zimenezi zimasungidwa m'nyumba zofufuziramo matenda zimene azicha malabotale, ndipo zambiri amazidwalitsa mwadala kuti aone m'mene matenda ayendera m'thupi ndi m'mene mankhwala agwirira nchito.

Nchito imeneyi ndi yofunika ndipo siyenera kuleka. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Nyumba imene muli nyama zodwalitsidwa mwadala ndi nyumba yoopsa kwa anthu ogwiramo nchito, kwa mabanja awo, ndi kwa anthu okhala moyandikana nayo. Motero dziko limene lifuna kufufuza matenda liyenera kusenzanso mtolo wa malamulo osungira nyamazo, kupeza ndalama zokwaniritsira malamulowo, ndi kuika anthu apadera oyendera malabotale. Lamulo lopanda woliyang'anira ndi pepala cabe.

ZIMENE ZINACITIKA KU MARBURG

Mu mwezi wa August caka ca 1967, anchito a pa fakitale ina yopanga katemera mumzinda wa Marburg ku Germany anayamba kudwala matenda acilendo. Anali kutentha thupi, kumva mutu, kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo ena anayamba kukha magazi. M'masabata omwewo matenda amodzimodzi anabuka mumzinda wa Frankfurt, ndiponso ku Belgrade, m'dziko limene panthawiyo linali kuchedwa Yugoslavia.

Atafufuza anapeza kuti malo atatu onsewa analandira apusi ocokera ku Uganda. Apusiwo anali kuphedwa kuti impso zawo zigwiritsidwe nchito pokonza ndi poyesa katemera, makamaka wa poliyo. Oyamba kudwala anali anthu amene anagwira magazi ndi ziwalo za apusiwo, kapena zipangizo zimene zinakhudzana ndi magaziwo. Pambuyo pake matenda anafikira ena a zaumoyo amene anali kusamalira odwala, ndi a pabanja. Anthu 31 anadwala ndipo 7 anamwalira. Kacilombo kamene kanapezeka kanachedwa dzina la mzindawo, ndipo lero kadziwika kuti ndi ka mtundu umodzi ndi ka Ebola.

Anthu aja sanali kucita coipa. Anali kukonza katemera amene wapulumutsa ana osawerengeka ku kupuwala. Colakwika cinali cakuti nyama zogwidwa kuthengo zinafika pa thebulo lotumbulira popanda citetezo cokwanira kwa ozigwira, ndipo palibe amene anadziwa cimene zinanyamula m'magazi. Ngozi imeneyi inacititsa maiko ambiri kukhwimitsa lamulo lakuti nyama zocokera kunja ziziyamba zasungidwa pazokha ndi kupimidwa.

Phindu la lamulo limeneli linaoneka mu 1989 pa malo ochedwa Reston ku America. Anyani ocokera ku Philippines anayamba kufa ali m'nyumba imene anali kusungidwa pawokha kwa mwezi wathunthu monga mwa lamulo. Atawapima anapeza mtundu watsopano wa kacilombo ka Ebola. Anyani otsala anaphedwa ndipo nyumbayo inathiridwa mankhwala. Anchito angapo anapezeka ndi zizindikiro m'magazi zoonetsa kuti kacilombo kanawalowa, koma mwamwayi mtundu umenewo sunadwalitse munthu. Mwayiwo sunapangidwe ndi lamulo, koma lamulo ndilo linacititsa kuti vuto lionekere nyamazo zikali pamalo amodzi.

MBUZI ZINAYI NDI MIPOPE YOTHA

Wina angaganize kuti ngozi zotere zimabwera ndi anyani a kutali okha. Si tero ai. Mu December 2010, ophunzira za udotolo wa ziweto pa yunivesite ya zaulimi mumzinda wa Harbin ku China anacita maphunziro awo pa mbuzi zinayi zimene zinagulidwa osapimidwa. Patapita miyezi, ophunzira 27 ndi mphunzitsi mmodzi anapezeka ndi matenda a brucellosis. Awa ndi matenda amene amataitsa bere ng'ombe ndi mbuzi, ndipo kwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza ndi kuphwanya kwa mfundo kwa nthawi yaitali. Mbuzi wamba, yonga imene igulitsidwa pa msika uliwonse, inakwanira kudwalitsa kalasi.

Phunziro lina licokera ku Britain, dziko limene linakhazikitsa lamulo loyang'anira kuyesa zinthu pa nyama kalekale mu 1876. Mu August 2007, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka pa ng'ombe za pafamu ina m'dera la Surrey. Kacilombo kake kanali ka mtundu umene unali kusungidwa pa malo ofufuzira matenda a ziweto a Pirbright, pafupi ndi famuyo, pamene panali labotale ya boma ndi fakitale ya kampani yopanga katemera.

Ofufuza anapeza kuti mipope yapansi yonyamula madzi oipa inali yakale ndi yong'aluka, ndipo mizu ya mitengo inali italowamo. Mvula yaikulu inagwa mu July, ndipo ofufuzawo anaona kuti mwina magalimoto a omanga ndiwo ananyamula matope okhala ndi kacilombo kupita nawo kunja. Mafamu 8 anakhudzidwa, ziweto zinaphedwa, ndipo malonda a nyama ndi maiko ena anaimitsidwa. Cinadziwikanso n'cakuti vuto la mipope linali lodziwika kale, koma panali kukankhizana za amene ayenera kulipira.

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pirbright inali ndi akatswiri odziwika pa dziko lonse, koma kacilombo sikanatulukire pakhomo pamene panali mlonda. Kanatulukira pansi, pamene panalibe woyang'ana. Cinanso, unduna umodzi womwewo ndiwo unali kupereka ndalama ku malowo, kugwiritsa nchito zotuluka zake, ndi kuwayendera. Pambuyo pa ngoziyo nchito yoyendera inapatsidwa ku bungwe lina loima palokha loona za citetezo pa nchito.

NKHANIYI IKHUDZA BWANJI CIGAWO CA KUM'MAWA?

Alimi a ng'ombe a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke adziwa bwino cigodola ca ng'ombe, cimene a zaziweto amacicha East Coast Fever. Matendawa amafala ndi nkhupakupa ndipo amapha matole kwambiri. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, matole a m'cigawo cino akhala akutetezedwa ndi katemera wokonzedwa ndi tizilombo timene tinapezeka ku Katete, ndipo m'mabuku a akatswiri mtundu umenewu uchedwa ndi dzina lomwelo la Katete.

Kakonzedwe ka katemera wotere nkofunika kukamvetsa. Ng'ombe imapatsidwa matenda mwadala. Nkhupakupa zazing'ono zimaikidwa pa ng'ombeyo kuti ziyamwe magazi okhala ndi tizilombo. Zikakula amaziyamwitsa masiku ocepa pa akalulu kuti tizilombo tikhwime m'kati mwawo, kenaka amazipera ndi kusunga madzi ake pa malo ozizira kwambiri. Thole limalasidwa madzi amenewa pamodzi ndi mankhwala ocepetsa mphamvu ya matenda, ndipo likacira limakhala lotetezeka. Popanda ng'ombe ndi akalulu aja, makola ambiri a Kum'mawa akanakhala opanda kanthu. Koma aliyense angaone kuti nchito imene ikhudza tizilombo tamoyo ndi nkhupakupa zodwalitsa ifuna mpanda wolimba, cifukwa nkhupakupa yothawa siimba ng'oma.

Kacilombo ka Marburg nakonso sikali kutali. Kanapha anthu ku Congo pakati pa 1998 ndi 2000, ku Angola mu 2004 ndi 2005, ndi ku Tanzania mu 2023. Onsewa ndi maiko ocita malire ndi Zambia. Mu 2019 akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzawo a pa Hokkaido University ya ku Japan analengeza kuti anapeza zizindikiro za kacilomboka mu mileme yodya zipatso yokhala m'mapanga m'dziko lino. Nchito imeneyi ndi yoyamikika cifukwa icenjeza a zaumoyo matenda asanabuke. Koma ionetsanso kuti akatswiri a dziko lino amagwira nyama zimene zingathe kunyamula matenda oopsa, monga anacitira anchito a ku Marburg, ndipo afunika citetezo cimene anzawo aja analibe.

Palinso nkhani ya ndiwo. Kum'mawa mbewa ndi ndiwo yolemekezeka, ndipo nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe siitayidwa wamba. Mu 2011 anthu opitirira 500 m'boma la Chama anadwala matenda a anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha, ndipo ena anamwalira. Njala ikavuta, munthu amaona nyama yakufa ngati mwayi. Tsono wanchito wa malipiro ocepa akauzidwa kuti akwirire mbuzi yonenepa imene inagwiritsidwa nchito pofufuza, ciyeso cimakhala cacikulu. Lamulo lolembedwa ku maiko akutali silingaganizire zimenezi. Lamulo la dziko lino liyenera kuziganizira.

MALAMULO ALIPO, KOMA ALI M'MANJA AMBIRI

Zambia siili yopanda malamulo. Pali lamulo loletsa nkhanza kwa nyama limene linayamba m'nthawi ya atsamunda. Mu 2007 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Biosafety Act limene linakhazikitsa bungwe la National Biosafety Authority, ndipo nchito yake yaikulu ndi kuyang'anira zamoyo zosinthidwa cibadwa, nkhani imene inakula mu 2002 pamene boma la a Levy Mwanawasa linakana cimanga cotere. Mu 2010 kunabwera lamulo la Animal Health Act loona za matenda a ziweto ndi kayendedwe kake. Mu 2013 lamulo la National Health Research Act linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority, ndipo lifuna kuti kufufuza kwa zaumoyo kuyambe kwavomerezedwa ndi komiti yoona za cilungamo pa kufufuza.

Malamulo amenewa ndi abwino, koma lililonse liyang'ana mbali yake ndipo mabungwe ake ali pansi pa maunduna osiyana. Mbewa imodzi yodwalitsidwa matenda a munthu ingathe kukhudza a zaumoyo, a zaziweto ndi a zacilengedwe nthawi imodzi. Mileme yogwidwa m'phanga ikhudzanso a zanyama zakuthengo. Pamene oyang'anira aculuka m'pamene aliyense aganiza kuti mnzake waona kale. Ku Pirbright mipope inatha pakati pa eni ake awiri.

Bungwe la World Health Organization linatulutsa buku lolangiza za citetezo m'malabotale mu 1983, ndipo linalikonzanso komaliza mu 2020. Malabotale amaikidwa m'magulu anayi molingana ndi kuopsa kwa tizilombo. Gulu loyamba ndi la tizilombo tosadwalitsa munthu wathanzi, ndipo gulu lacinayi ndi la tizilombo tonga Marburg ndi Ebola, limene lifuna nyumba yapadera yonga ija ya ku Johannesburg ku South Africa. Malangizo otere ali poyera. Cofunika ndi kuwasandutsa zocita za tsiku ndi tsiku.

ZOYENERA KUCITIKA

Coyamba, nyama iliyonse itsatidwe kuyambira pa tsiku lolowa kufikira pa tsiku lotuluka. Buku lionetse kumene inacokera, amene anaipima, masiku amene inakhala payokha, cimene inapatsidwa, ndi m'mene mtembo wake unatayidwira. Ngati mbewa 50 zinalowa, mbewa 50 ziwerengedwe pomaliza. Lamulo limeneli likhudze makoleji a zaulimi ndi a zaumoyo omwe, osati malabotale aakulu a ku Lusaka ndi ku Ndola okha.

Caciwiri, pasakhale kufufuza pa nyama kumene kuyamba popanda cilolezo ca komiti, ndipo m'komitimo mukhale dotolo wa ziweto ndi munthu mmodzi wocokera kunja kwa bungwelo. Mu 1959 akatswiri awiri a ku Britain, a William Russell ndi a Rex Burch, anapereka mfundo zitatu zimene maiko ambiri atsatira lero. Ngati pali njira ina yopezera yankho, nyama isagwiritsidwe nchito. Ngati nyama ifunikadi, zitengedwe zocepa zokwanira kupereka yankho loona. Ndipo zowawa zicepetsedwe ndi mankhwala oletsa ululu, cakudya cabwino ndi malo aukhondo. Komiti ifunse mafunso atatu amenewa nthawi zonse.

Cacitatu, citetezo ciyambire kwa wanchito wapansi. Wosesa makola, wotsuka zipangizo, wonyamula zinyalala ndi woyendetsa galimoto ndiwo amakhudza zoipa kwambiri, koma kawirikawiri ndiwo sapita ku maphunziro. Aphunzitsidwe m'cinenero cimene amva bwino, kaya Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka. Apatsidwe magolovesi, majombo, zovala kumaso ndi zovala zosiya ku nchito, kuti zisakacapidwe kunyumba pamodzi ndi zovala za ana. Ogwira mileme ndi agalu alandire katemera wa ciwewe asanayambe nchito.

Cacinayi, wolumidwa ndi nyama kapena wodzibaya ndi nsingano anene msanga popanda kuopa kucotsedwa nchito. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pamene wanchito alangidwa cifukwa coulula ngozi, anzake amaphunzira kubisa, ndipo matenda amakaonekera ku cipatala patapita masabata, dotolo osadziwa kumene wodwalayo agwira nchito. Cipatala coyandikana ndi labotale cidziwitsidwe mitundu ya matenda imene ifufuzidwa pamenepo.

Cacisanu, mitembo ya nyama, udzu wogonapo ndi ndowe zisatuluke zisanaphikidwe mu mphika wa nthunzi wochedwa autoclave kapena kutenthedwa mu ng'anjo yake. Dzenje losazama kuseri kwa nyumba limafukulidwa ndi agalu ndi nkhumba, ndipo nyengo ya dzinja madzi ake amatsikira ku zitsime ndi kumadimba. Nyama yofufuzirapo matenda isadyedwe, isagulitsidwe, ndipo isaperekedwe kwa wina ngati mphatso pokhapokha dotolo wa ziweto atalemba kuti ilibe vuto.

Cacisanu ndi cimodzi, ndalama zokonzera zinthu zikatha ziikidwe pambali kuyambira paciyambi. Maiko othandiza amakonda kumanga nyumba yatsopano ndi kugula makina, koma nchito yawo ikatha, ng'anjo ikaonongeka imakhala yosakonzedwa. M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Labotale yosunga tizilombo toopsa imadalira magetsi kuti mafiriji azizire ndi kuti mpweya woipa usatuluke. Yopanda jenereta yodalirika ndi mafuta ake isapatsidwe cilolezo ca nchito yoopsa.

Comaliza, woyendera akhale wapadera. Bungwe lisadziyendere lokha, ndipo unduna wopereka ndalama usakhale wokhawo woweruza. Oyendera azifika osalengeza, aziona kuseri kwa nyumba ndi mipope yomwe, ndipo akhale ndi mphamvu yoimitsa nchito. Cidule ca zimene apeza ciperekedwe ku Nyumba ya Malamulo caka ndi caka.

KODI SI KUTAYA NDALAMA?

Ena adzanena kuti m'dziko limene makiliniki asowa mankhwala ndipo amai oyembekezera ayenda mitunda kupita ku cipatala, kusamala za mbewa ndi akalulu ndi nkhani ya anthu okhuta. Ena, makamaka ofufuza, adzadandaula kuti makomiti amacedwetsa nchito ndipo mapepala aculuka.

Dandaulo laciwirili lili ndi zoona zake. Komiti imene ikhala miyezi yambiri osakumana imapha nchito yabwino ndipo imaphunzitsa anthu kuzemba. Mankhwala ake ndi kuipatsa nthawi yoikika yoyankhira ndi ndalama zogwirira nchito, osati kuithetsa.

Koma dandaulo loyamba liiwala kuti kusamala nyama ndi kuteteza munthu ndi nchito imodzi. Nyama yopanikizana m'khola lauve, yanjala ndi yamantha, imaluma msanga, imathawa, ndipo imadwala matenda ena amene amasokoneza zotuluka za kufufuza. Mankhwala oyesedwa pa nyama zotere angaoneke ngati agwira nchito pamene sagwira, ndipo wovutika pomaliza ndi wodwala wa pa kiliniki ija. Ndipo dziko losauka ndilo liyenera kuopa ngozi koposa. Britain inatha kulipira alimi amene ziweto zawo zinaphedwa. Mlimi wa ku Kagoro kapena ku Vubwi amene ng'ombe zake ndizo khasu lake, ngolo yake ndi sukulu ya ana ake, sangabwezeredwe mosavuta.

Palinso cinthu cina cimene cimatayika pa ngozi yotere, ndico cikhulupiriro. Anthu a m'midzi amapereka ziweto zawo kuti zitengedwe magazi ndipo amabweretsa ana ku katemera cifukwa akhulupirira a zaumoyo. Mphekesera imodzi yakuti matenda anatuluka mu labotale ingathe kuononga nchito ya zaka zambiri. Njira yothetsera mphekesera ndi kucita zinthu poyera. Ofufuza akafika m'dera kudzagwira mbewa, mileme kapena nkhupakupa, ayambe aonekera kwa mfumu, anyakwawa ndi komiti ya zaumoyo, aonetse cilolezo cawo, afotokoze cimene afuna, ndipo akamaliza abwerenso kudzanena zimene apeza.

Aphungu a Cigawo ca Kum'mawa ali ndi cifukwa cokwanira cofunsira mafunso ku Nyumba ya Malamulo. Afunse kuti ndi malo angati m'dziko lino amene asunga nyama zofufuzirapo, ndani awayendera, ndipo anawayendera liti komaliza. Afunsenso kuti maunduna a zaumoyo, a zaziweto ndi a zasayansi agwirizane pa buku limodzi la malamulo ndi ofesi imodzi yoyankha mlandu. Nkhanga zinapangana kusanace. Anthu a ku Marburg, ku Harbin ndi ku Surrey anaphunzira atadwala ndi kutaya cuma, ndipo Zambia ingathe kutenga phunziro lomwelo pamene anchito ake ndi ziweto zake zikali bwino.